Sushi yafika m'mphepete mwa mizinda: tilawe, koma safunsa adadya phula

Masiku ano m'mabanja ambiri a ku Balaka, Mponela, Luchenza ndi m'matauni ena, foni ikalira madzulo a Lamulungu kawirikawiri chimakhala chithunzi chochokera kwa mwana kapena mlongo amene adatsikira ku Joni. Kale ankajambulitsa ataima pafupi ndi galimoto ya abwana. Lero akujambula mbale: timibulu ta mpunga, pamwamba pake kachidutswa ka nsomba yofiirira, pambali timitengo tiwiri todyera. Agogo amaiyang'anitsitsa foniyo n'kufunsa kuti, "Kodi mwanayu nkhuni zamuthera? Nanga nsombayi osaphika bwanji?"

Chakudya chimenechi ndi sushi, ndipo kwawo ndi ku Japan. Zaka za m'mbuyomu munthu wofuna kulawa sushi kunja kwa Japan ankayenera kulowa pakati penipeni pa mzinda waukulu, kumahotela a anthu ochita bwino. Lero zinthu zasintha. M'madera a m'mphepete mwa Johannesburg monga Fourways ndi Roodepoort, kapena ku Bellville kufupi ndi Cape Town, sushi ikupezeka m'malo odyera a mabanja ngakhalenso m'masitolo ogulitsa zakudya. N'chimodzimodzi ku Croydon, kum'mwera kwa London. Unduna woona zaulimi ndi usodzi wa ku Japan udawerengera kuti mu 2006 kunja kwa dzikolo kudali malo odyera zakudya za Chijapani pafupifupi 24,000, koma pofika 2023 adali atakwana pafupifupi 187,000.

Maganizo athu ndi oti chakudyachi sichoseketsa komanso sichoopsa. Komabe ndi chakudya chomwe chimadalira kukhulupirika kwa anthu ambiri amene wodyayo sawaona n'komwe, kuchokera kwa msodzi mpaka kwa wodula nsomba kukhitchini. Choncho wolawa ayenera kufunsa. Ndipo ife tokhala m'dziko la chambo tili ndi phunziro loti titolepo.

Tiyambe ndi kuchotsa bodza limodzi. Mawu oti sushi satanthauza nsomba yaiwisi. Nsomba yaiwisi yodulidwa payokha, popanda mpunga, imatchedwa sashimi. Mwini nkhani mu sushi ndi mpunga wophika bwino wothiridwa viniga, shuga ndi mchere pang'ono. Pamwamba kapena m'kati mwake mutha kukhala nsomba yaiwisi, komanso mutha kukhala dzira lokazinga, nkhaka, mapeyala kapena nsomba yowotcha. Ina amaikulunga ndi ndere zouma za m'nyanja yamchere zotchedwa nori. Pambali pamakhala msuzi wa soya, jinja wodulidwa mopyapyala, ndi kanthu kobiriwira kotchedwa wasabi komwe kamalasa m'mphuno ngati mpiru wokhwima.

Chiyambi chake n'chosadabwitsa kwa aliyense amene adayanikapo usipa pathandala. Makolo a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia ankafuna njira yosungira nsomba kuti isawole. Ankaithira mchere n'kuikwirira mu mpunga wophika kwa miyezi yambiri mpaka mpungawo utasasa, ndipo kusasako n'komwe kunkateteza nsomba. Luso limeneli lidafika ku Japan, ndipo mpaka lero anthu a m'mbali mwa nyanja ya Biwa amakonzabe chakudya chotere chotchedwa funazushi.

Sushi yomwe tikuiona pazithunzi lero idatchuka cha m'ma 1820 mumzinda wa Edo, womwe tsopano ndi Tokyo, ndipo ambiri amati mwini luso adali Hanaya Yohei. Nthawi imeneyo sichidali chakudya cha mabwana ayi. Ambiri ankaigula m'timisasa ta m'mbali mwa msewu n'kudya choimirira, monga momwe ife timagulira tchipisi pachiwaya. Poti kudalibe mafiriji, nsomba ankainyika mu viniga kapena msuzi wa soya, ina n'kuiphika ndithu. Chivomerezi choopsa cha mu 1923 chitagumula Tokyo, akatswiri ambiri okonza sushi adabalalikira m'zigawo zina, ndipo luso lawo lidapita nawo.

Amene adathandiza kwambiri kuti sushi ikhale chakudya cha banja lonse ndi mwini malo odyera wina, Yoshiaki Shiraishi. Bamboyu ankavutika kupeza antchito okwanira. Tsiku lina ataona mabotolo a mowa akuyenda pa lamba wa magetsi kufakitale, adaganiza zoti mbale nazo zitha kumayenda chimodzimodzi. Mu 1958 adatsegula malo ake otchedwa Genroku Zushi m'dera lomwe lero ndi Higashiosaka, m'mphepete mwa mzinda wa Osaka. Timbale tinkazungulira pamaso pa makasitomala, aliyense n'kumatola chomwe wafuna, mtengo n'kuwerengedwa pa timbale tomwe wadya. Antchito adachepa, mtengo udatsika. Lero m'misewu ikuluikulu yotuluka m'mizinda ya ku Japan muli malo otere ambirimbiri, momwe bambo, mayi, ana ndi agogo amakadyera limodzi kumapeto a sabata.

Choncho wina akamanyada kuti wadya chakudya cha anthu apamwamba, muuzeni modekha kuti chidayambira kwa asodzi ndi ogulitsa m'misewu. Ndipo kufika kwake m'madera okhala anthu wamba n'kubwerera kwawo chabe.

Koma apa mpamene pagona nkhani. Kuti kachidutswa ka nsomba yaiwisi kafike pambale m'dera lotalikirana ndi nyanja yamchere, pamafunika kuti nsombayo isatenthedwe ngakhale pang'ono paulendo wonse, kuchokera m'boti, m'ndege kapena m'lole, mpaka m'firiji ya mwini lesitilanti. Nsomba zambiri za m'nyanja zimakhala ndi nyongolotsi zotchedwa Anisakis zomwe zikalowa m'mimba mwa munthu zimapweteka koopsa. Viniga, mchere, mandimu kapena wasabi sizipha nyongolotsizi. Chomwe chimapha ndi moto kapena kuzizira kwambiri. N'chifukwa chake malamulo a maiko a ku Ulaya amati nsomba zambiri zodyedwa zaziwisi ziyambe zaumitsidwa pa madigiri 20 kunsi kwa ziro kwa maola osachepera 24, pomwe ku America akuluakulu oona za zakudya amalangiza masiku 7 pa kuzizira komweko.

Ajapani eni ake sadya chilichonse chachiwisi mwachisawawa. Nsomba yofiirira ija yotchedwa salmon, yomwe lero ndi yotchuka zedi, kale sankaidya yaiwisi kaamba koopa nyongolotsi. Zidatengera anthu a ku Norway, amene amaweta nsombayi m'makola a m'nyanja, kuyamba kampeni cha m'ma 1980 ndi kulimbikira zaka pafupifupi khumi kuti Ajapani akhulupirire kuti yowetayo njabwino. Ngati eni chakudya adatenga zaka zonsezi akufunsa mafunso, nanga ife alendo tithamangirenji?

Chikhulupiriro chimenechi chimasweka msanga. Kumayambiriro kwa 2023 kanema wa mnyamata wina akunyambita botolo la msuzi wa soya pa nthambi ina ya kampani ya Sushiro adafalikira pa intaneti. Dziko lonse la Japan lidanyansidwa, mtengo wa masheya a kampaniyo udatsika, ndipo malo ambiri adasintha kaperekedwe ka chakudya. Chibwana cha mwana mmodzi chidagwedeza bizinesi yaikulu chifukwa chomwe anthu amagula kumeneko ndi ukhondo.

Palinso chinyengo cha mtundu wa nsomba. Nsomba ikasendedwa n'kudulidwa, n'kovuta kudziwa kuti idali yanji. Mu 2013 bungwe la Oceana lidatulutsa zotsatira za kafukufuku wake ku America, ndipo lidapeza kuti nsomba 74 mwa 100 zilizonse zomwe lidagula m'malo ogulitsa sushi zidali zosiyana ndi dzina lolembedwa. Nthawi zina nsomba yotchipa ya tilapia, yomwe ndi ya banja limodzi ndi chambo chathu, inkagulitsidwa ngati nsomba yodula ya m'nyanja yamchere.

Ndiye kwa abale athu amene ali kunja, ndi ena amene angakumane ndi chakudyachi m'mizinda yathu, malangizo athu ndi awa. Musachite manyazi kufunsa woperekera zakudya kuti nsombayo yachokera kuti, yabwera liti, komanso ngati idaumitsidwa. Malo abwino amayankha mosanyinyirika. Nsomba yabwino sinunkha, ndipo mukalowa pamalo n'kumva fungo ngati la pamsika wa nsomba masana, tulukani mwaulemu. Onani manja ndi zovala za wokonzayo, poti nthawi zambiri amagwira ntchito anthu akuona. Sankhani malo omwe anthu amalowa ndi kutuluka, chifukwa kumeneko chakudya sichigonera. Ndipo ngati m'deralo magetsi akhala akuthimathima, funsani ngati ali ndi jenereta.

Amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba ndi onse amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chofooka ndi bwino apewe zaziwisi. Sagona ndi njala chifukwa zakudya za Chijapani zophika zilipo zambiri: ramen, yomwe ndi msuzi wotentha wa manudozi ndi nyama, tempura, zomwe ndi ndiwo zamasamba kapena nsomba zoviikidwa mu ufa n'kukazinga, nkhuku ya teriyaki, ndi katsu, nyama yokazinga yodyera mpunga. Pa nkhani ya thumba, kumbukirani kuti timbale timaoneka totchipa kamodzikamodzi koma timachulukana mwakachetechete. Munthu wozolowera mitanda itatu ya nsima atha kumaliza timbale khumi asadamve kanthu. Gwirizanani za ndalama musadakhale pansi, kuopa kudya ya fizi.

Chenjezo lalikulu likupita kwa ife tili kumudzi kuno. Pasapezeke wina woonera kanema pa foni n'kukagula chambo kapena mlamba pamsika kuti ayesere sushi kunyumba. Nsomba za m'madzi opanda mchere zimatha kukhala ndi nyongolotsi ndi tizilombo toopsa kwa munthu. Mu 2015 ku Singapore, dziko lodziwika ndi ukhondo, anthu ambiri adadwala kwambiri atadya nsomba zaziwisi za m'madzi otere, ndipo boma lidaletsa kuzigulitsa zosaphika m'malo odyera. Ifenso sitidaiwale mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 womwe udatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Nsomba yomwe yayenda kuchokera ku Mangochi itapachikidwa pagalasi la minibasi, padzuwa ndi pafumbi, malo ake ndi mumphika basi. Pamenepa agogo aja akunena zoona.

Tikatero tisatseke maso ku phunziro lake. Paja amati mlendo ndiye adza n'kalumo kakuthwa. Ajapani si alendo kwenikweni kwa ife: achinyamata awo ongodzipereka akhala akubwera kudzagwira ntchito m'sukulu ndi m'zipatala zathu kuyambira 1971, ndipo pulogalamu ya One Village One Product yomwe idakhazikitsidwa kuno mu 2003 idachokera kuchigawo cha Oita m'dziko lawo. Mfundo yake idali yoti dera lililonse lilemekeze chomwe lili nacho n'kuchikonza bwino mpaka alendo achifune. Sushi ndi umboni wa mfundo imeneyi. Ndi mpunga ndi nsomba basi, zinthu zomwe ifenso tili nazo. Koma chifukwa cha kusamala, mu 2013 bungwe la UNESCO lidaika kaphikidwe ka makolo a Ajapani pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lapansi. Ndipo mu Januwale 2019, pamsika wa Toyosu ku Tokyo, mwini malo odyera Kiyoshi Kimura adagula nsomba imodzi ya tuna yolemera makilogalamu 278 pa mtengo wa mayeni 333.6 miliyoni.

Nanga ife? Tili ndi mpunga wa Kilombero wonunkhira kuchokera ku Karonga. Tili ndi chambo, kampango, mpasa ndi batala. Koma nsomba zathu zambiri zimaonongeka zisadafike kwa wogula kaamba kosowa ayisi padoko, ndipo m'misika yambiri zimayalidwa pansi, ntchentche zili ng'waa. Choopsa kwambiri, mu 2018 bungwe la IUCN lidaika mitundu ya chambo pa mndandanda wa nsomba zomwe zili pachiopsezo chachikulu chotheratu. Ajapani nawo zidawaonekera: nsomba ya nigorobuna ya m'nyanja ya Biwa idachepa kwambiri chifukwa cha kuonongeka kwa mabango moswanirana ndi kubwera kwa nsomba zachilendo zolusa, moti funazushi, chomwe chidali chakudya cha pakhomo, chidasanduka chodula. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Pempho lathu likupita kumakhonsolo amene amatolera ndalama za msika tsiku ndi tsiku: mangani mabenchi a simenti ogulitsirapo nsomba, ikani mipopi ya madzi, ndipo thandizani amalonda kupeza ayisi. Kwa asodzi ndi mafumu a m'mbali mwa nyanja, lemekezani nyengo yotseka nyanja ndipo neti za udzudzu zibwerere kuchipinda. Kwa eni malesitilanti a m'matauni athu, tengerani chitsanzo cha khitchini yoonekera, manja osamba ndi mbale zoyera. Kwa ife ogula, tileke kugula kasawala, ana a chambo, chifukwa tikamatero tikudya ndiwo za zidzukulu zathu.

Choncho chithunzi chija chikabweranso Lamulungu likudzali, musamuseke mwanayo. Mufunseni ngati adafunsa za nsombayo asadadye, paja safunsa adadya phula. Kenako mujambuleni chambo chowotcha bwino, mpunga wa Kilombero ndi chisoso chotendera, mumutumizire. Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Tikasamala zathu monga momwe anzathuwa amasamalira zawo, tsiku lina banja la ku Higashiosaka nalo lidzafunsa komwe lingakalawe chambo.