Kadontho Kofiira Kapena Chitsulo: Mkangano wa Onyamula Mfuti Yobisa

M'dziko la America, kumene bwalo lalikulu la milandu linagamula mu 2022, pa mlandu wa Bruen, kuti boma la New York lisaumirizenso munthu kuonetsa chifukwa chapadera asanaloledwe kuyenda ndi mfuti yodzitetezera, ndiponso ku South Africa, kumene lamulo la mfuti la 2000 likuti mfuti yam'manja ikamanyamulidwa pagulu ikhale m'chimake ndi yophimbika yonse, iwo amene asenza katundu wolemerayu ali pa mkangano umene kwa munthu wakutali ungaoneke wachabe, koma pa iwo pagona moyo wa munthu. Funso lake n'lakuti, pamwamba pa mfutiyo paikidwe chiyani cholunjikira?

Njira ya makolo ndiyo ya zitsulo ziwiri, zimene eni ake amazitcha iron sights: kamutu kamodzi kunsonga kwa mfuti, ndi kampata kumbuyo, kotero kuti wowombera ayenera kulowetsa kamutuko pakati pa mpatawo, n'kulozetsa zonse ziwiri pa chinthu chimene akufuna kulasa. Pakuti diso la munthu silingaone bwino zinthu zitatu zotalikirana pa nthawi imodzi, Jeff Cooper, amene anatsegula sukulu yake ya Gunsite ku Arizona mu 1976, anaphunzitsa mibadwo ya ophunzira kuti diso likhazikike pa kamutu kakutsogolo, mdaniyo aoneke mwachimbuuzi. Ubwino wa zitsulozi sufunika kuukometsera: sizidya batire, siziopa mvula, sizitukumula malaya, ndipo mtengo wake ngwochepa. Ena amaikamo timabotolo ta mpweya wa tritium toyaka tokha usiku, monga amachitira a Trijicon a ku Michigan, kampani imene anaiyambitsa Glyn Bindon, mbadwa ya ku South Africa; koma kuwala kwake kumatsika ndi theka pa zaka 12 zilizonse, ndipo wogula mfuti yakale azifunsa zaka za timabotoloto.

Chofooka cha chiphunzitso chimenechi chili m'thupi la munthu mwini. Wogwidwa ndi mantha a imfa, mtima ukugunda, manja akunjenjemera, kuti umuuze achotse maso pa iye amene akubwera ndi mpeni, ayang'ane kachitsulo kali kunsonga kwa dzanja lake, ndiko kumlamula chinthu chimene chibadwa chake chikana. Ndipo munthu akapitirira zaka 40, maso amayamba kulephera kuona zapafupi, kamutu kaja n'kusanduka chithunzithunzi chabe.

Apa ndi pamene a mbali ina amaimirira ndi red dot, kagalasi kokhala ndi kadontho kofiira koyatsidwa ndi batire. Luso limeneli si ladzulo, popeza a Aimpoint a ku Malmö, m'dziko la Sweden, anatulutsa choyamba chawo mu 1975, cha mfuti zazitali. Koma linatsikira pa mfuti zam'manja za anthu wamba pamene kagalasi kanachepa, monga RMR ya Trijicon ya 2009, ndi pamene a Glock anayamba mu 2015 kugulitsa mfuti zosemedwa kale malo ake. Wowombera nacho amatsegula maso onse awiri, amayang'ana munthu amene ali patsogolo pake, ndipo kadontho kamangotera pomwepo. Ine ndiona kuti mfundo imeneyi ndiyo yolemera koposa zonse zimene zanenedwa pa mkanganowu, ngakhale ambiri amaidumpha potama kulasa patali. Pakuti iye amene maso ake ali pa munthu angathe kuona manja ake, n'kuzindikira ngati chimene wagwira ndi mpeni kapena foni, ngati akubwerabe kapena watembenuka kuthawa, ndipo pa kuzindikira kumeneko ndi pamene pamasiyana kudziteteza ndi kukhetsa mwazi wosalakwa.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mfuti yobisa imakhala tsiku lonse pansi pa malaya, pamene thukuta, fumbi ndi ulusi wa nsalu zimaunjikana pagalasi. Munthu akatuluka m'galimoto yozizira kulowa m'chinyezi, galasilo limachita nthunzi. Dontho limodzi la mvula likagwera pamene kuwalako kumatulukira, kadontho kamamwazika, ndipo n'chifukwa chake a Aimpoint anatulutsa mu 2018 ACRO yotsekeka mbali zonse, imene ndi yaikulupo ndi yovutirapo kuibisa. Zomangira zake zimakhwefuka ndi kugwedezeka, batire limatha, ndipo amene maso ake ali ndi vuto la astigmatism amaona chinthu chophwanyika m'malo mwa kadontho. Choopsa koposa chimagwera wosazolowera, amene amasolola mfuti n'kupeza galasi lopanda kanthu, nayamba kugwedeza dzanja kufunafuna kadontho kamene katayika. Dennis Tueller, wapolisi wa ku Salt Lake City, anaonetsa mu 1983 kuti munthu wa mpeni angathe kuthamanga mamita oposa 6 m'sekondi imodzi ndi theka. M'kanthawi kotero mulibe mpata wosakasaka kanthu, ndipo a zitsulo akunena zoona akamati pa mtunda waufupi chotere phindu la galasi limachepa.

Pali chinthu china chimene mbali zonse ziwiri zimachilambalala, ndipo chimandipweteka mtima. Tritium imaonetsa mwini mfuti pamene pali zitsulo zake, kadontho kamamuonetsa pamene chipolopolo chikagwere, koma palibe n'chimodzi chomwe chimene chimaunikira nkhope ya amene waima mumdima. Mu 2004, ku South Africa, bambo wina amene kale anasewerera timu ya dziko ya rugby anamva galimoto ikutuluka pakhomo pake kusanache, ndipo poyesa kuti ndi mbala, anawombera. Amene ankayendetsa anali mwana wake wamkazi, ndipo anafa. Chipolopolo chija sichinaphonye. Madzi akatayika saoleka, ndipo Cooper yemwe uja, pakati pa malamulo ake anayi, anaikapo lakuti munthu atsimikize chimene akulasa ndi chimene chili kuseri kwake.

Tsono ndikafunsidwa, yankho langa lingagawike malinga ndi munthuyo. Amene maso ayamba kumgonja, ndipo ali ndi nthawi ndi ndalama zopitira kawirikawiri kobwereza kuwombera, kufikira kadontho kazitera kokha akangosolola, atenge galasi la kampani yodziwika, asunge zitsulo zazitali pamfutipo zoti zimthandize likazima, azilipukuta m'mawa uliwonse ndi kusintha batire pa tsiku loikika chaka ndi chaka. Amene adzapita kobwereza kawiri pachaka, monga achitira ambiri, akhale ndi zitsulo zake, kamutu kakutsogolo kakhale kakakulu ndi kowala, kumbuyo kukhale kwakuda, ndipo ndalama za galasi azigulire zipolopolo zophunzirira ndi mphunzitsi wabwino. Onse awiriwa, asanagule china chilichonse, akhale ndi tochi yamphamvu m'thumba, yogwira padera ndi dzanja lina, kuti athe kuona nkhope ya munthu asanamlozetse mfuti.