Mankhwala ake tili nawo kale, chikusowa n'choyezera

Phala la Likuni, lomwe linatenga dzina lake pa chipatala cha mishoni cha kuno kwathu, lalera ana ambiri m'dziko muno kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Masiku ano limapangidwa ndi ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya, ndipo bungwe la Mary's Meals, lomwe linayamba ntchito zake m'Malawi mu 2002, limaphikira phala lamtunduwu ana asukulu oposa 1 miliyoni. Cholinga cha amene analiyambitsa chinali kulimbana ndi kunyentchera kwa ana. Koma phalali lili ndi ubwino wina umene sitiutchula kawirikawiri: m'chimanga ndi m'soya mulibe gluten, chinthu chopezeka m'tirigu chimene chimadwalitsa anthu a matenda a celiac. Ku Ulaya munthu akamupeza ndi matendawa amayamba kusakasaka zakudya zapadera zokwera mtengo. Kuno chakudya chomuyenera chili kale mu mphika wa amayi ake. Mfundo yanga ndi yakuti matendawa kwathu kuno ndi osavuta kukhala nawo, chovuta n'kuwadziwa, ndipo ndalama zochepa zimene tingaike pa nkhaniyi zipite ku kuyeza odwala ndi kulemba zoona pa mapaketi a zakudya.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'thupi. Gluten amapezeka m'tirigu, m'balere ndi m'mbewu ina yotchedwa rye, ndipo ndi amene amachititsa kuti ufa wa mandasi uzitamuka poukanda. Anthu ambiri amamudya popanda vuto. Koma kwa ena, chitetezo cha m'thupi chikakumana naye chimalusa n'kuyamba kuwononga matumbo aang'ono a mwini wake yemwe. Mkati mwa matumbowa muli tinthu ting'onoting'ono tangati ubweya wa thaulo latsopano, timene timayamwa chakudya kuti chilowe m'magazi. Mwa wodwala celiac timatha n'kusalala, ndipo chakudya chimangodutsa. Munthu amadya, amakhuta, koma thupi silipindula. Mwana amatsegula m'mimba kosalekeza, chimbudzi chake chimakhala chotuwa ndi chonunkha kwambiri, mimba imatupa, matako amafota, msinkhu umaima. Wamkulu nthawi zina satsegula m'mimba n'komwe: amangokhala wochepa magazi ngakhale amwe mapiritsi a ayironi kwa miyezi, wotopa nthawi zonse, mafupa ofooka, ena zidzolo zoyabwa m'zigongono ndi m'mawondo, ndipo amayi ena amapita padera mobwerezabwereza. Akatswiri amati pa dziko lonse pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse ali ndi matendawa, ndipo ambiri a iwo sanayezedwepo.

Amene anatulukira kuti wolakwa ndi tirigu anali dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem-Karel Dicke. M'nyengo ya njala ya 1944 mpaka 1945, nkhondo itatseka njira za chakudya ndipo buledi atasowa, ana odwala matendawa amene ankawasamalira anayamba kupeza bwino pamene anthu ena ankaonda. Buledi atabwerera, iwo anayambiranso kudwala. Mu 1950 iye analemba zotsatira za kafukufuku wake, ndipo kuyambira pamenepo mpaka lero mankhwala sanasinthe. Palibe jakisoni, palibe piritsi. Wodwala amasiya tirigu, balere ndi rye kwa moyo wake wonse, matumbo amadzikonza okha, ndipo ana ambiri amayamba kusintha pakangopita masabata ochepa. Ndi matenda angati osachiritsika amene chithandizo chake chonse ndi nsima, mpunga wa Kilombero, kondowole, mbatata, futali, nyemba, usipa, mpiru wotendera ndi thobwa la chimera cha mawere? Boma silingaitanitse ngakhale botolo limodzi kuchokera kunja.

Makolo athu akanakhala ndi chibadwa cha matendawa sakanadziwa, chifukwa tirigu sankamudya kwenikweni. Malawi amalima tirigu wochepa, kumapiri a Tsangano ndi Neno, ndipo wambiri amene timadya amachokera kunja. Ngakhale zili choncho, m'matauni mwathu tirigu walowa paliponse. Imani m'mphepete mwa msewu wa Likuni pa Chinsapo nthawi imene ana akupita kusukulu, muone zimene agwira m'manja: mandasi a m'chidebe choonekera mkati, sikono wa pa okala, samusa, ndi zigege, zimene ambiri amaziona ngati mbatata chabe pamene kachewereyo amayamba wamuviika mu phala la ufa wa tirigu asanamuponye m'chiwaya. Mayi amene akuthamangira minibasi ya m'tauni m'bandakucha alibe nthawi yosonkha mbaula kuti aphike phala, choncho amasiyira mwana ndalama ya mandasi. Madzulo kuli supageti ndi manudozi a m'paketi ofewa msanga, poti makala adula. Sindikunyoza mayiyo, ndipo kwa ana ambiri zakudyazi sizibweretsa matenda amene ndikunenawa. Ndikungoti mwana wa ku Kawale kapena ku Mgona lero akudya tirigu tsiku ndi tsiku, chinthu chimene agogo ake sanachitepo, ndipo ngati thupi lake silimufuna, lero ndi pamene zionekere.

Ena ati awa ndi matenda a azungu, tisadzinamize. Mawuwa ali ndi kachoonadi kake ndipo sindikabisa. Celiac amagwira okhawo amene anabadwa ndi chibadwa chimene madokotala amachitcha HLA-DQ2 kapena HLA-DQ8, ndipo mitundu ya anthu imasiyana pa kuchuluka kwa chibadwachi. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara odwala opezeka ndi ochepa poyerekeza ndi ku Ulaya. Koma chiwerengero chimodzi mwa zokwera kwambiri chimene chinalembedwapo sichinachokere kwa azungu. Mu 1999 dokotala wa ku Italy, Carlo Catassi, ndi anzake anayeza ana a mtundu wa Saharawi okhala m'misasa ya othawa kwawo ku Algeria, napeza kuti oposa 5 pa 100 alionse anali ndi matendawa. Anthuwa ankadalira ufa wa tirigu, wambiri wake wachithandizo, ndipo kutsegula m'mimba ndi kupinimbira kwa ana awo kunkaoneka ngati zipatso za umphawi basi mpaka pamene wina anayeza magazi. Ku India nakonso matendawa ndi ofala kumpoto kumene amadya tirigu, ndipo ndi osowa kum'mwera kumene amadya mpunga. M'madera onsewa kukula kwa vutoli kunadziwika atayamba kuyeza.

Chimene chimabisa matendawa kwathu kuno n'chakuti zizindikiro zake zili kale ndi eni ake. Mwana akatsegula m'mimba timaganiza za madzi a pachitsime, njoka za m'mimba kapena kumera mano. Wamkulu akaonda timaganiza za HIV kapena chifuwa chachikulu, ndipo anthu oyandikana naye amayamba kunong'onezana asanayezedwe n'komwe. Dokotala amene amayamba ndi zimenezi akuchita bwino, chifukwa ndi zimene zimapezeka kawirikawiri. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osafika zaka zisanu ndi opinimbira, ndipo ndikanakhala wabodza ndikanati tirigu ndiye wachititsa zimenezi. Gwero lake ndi kuchepa kwa zakudya zamagulu, matenda obwerezabwereza ndi ukhondo woperewera. Palinso vuto lina la matumbo lobwera ndi tizilombo ta malo auve, limene ofufuza aliphunzira kwambiri m'Malawi muno ndi ku Lusaka, ndipo nalonso limasalaza matumbo mofanana ndi celiac. Amene ndikumudandaula ndi mwana wotsala zonsezi zikachotsedwa. Buku lake lakuchipatala ladzaza: Thanzi ORS ndi zinc, mankhwala a njoka, maantibayotiki, kuyeza HIV kawiri osapeza kanthu, chiponde. Akamadya chiponde ndi phala amakwera sikelo, akabwerera ku tiyi wa buledi amatsikanso. Mayi ake amauzidwa kuti sakumusamala, kunyumba achibale amayamba kutchula ufiti kapena tsempho, ndipo ndalama zimathera kwa asing'anga.

Wina afunsa kuti dziko limene kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700, dziko limene zipatala zake zimasowa mankhwala a malungo, lingataye bwanji ndalama pa matenda a anthu ochepa. Funsoli ndi lolemera, ndipo n'chifukwa chake sindikupempha kuti ana onse a ku Area 25 aikidwe pamzere kukayezedwa. Ndikupempha zinthu zochepa. Choyamba, celiac alembedwe pa mndandanda wa matenda amene dokotala ndi namwino amawaganizira wodwala akabwera kachitatu ndi vuto lomwelo, ndipo sukulu zophunzitsa azaumoyo monga KUHeS, pamodzi ndi LUANAR imene imaphunzitsa akatswiri a kadyedwe, zionetsetse kuti ophunzira akutuluka akudziwa funso losavuta lakuti, kodi mwanayu amadya chiyani m'mawa? Funsoli sililira ndalama. Chachiwiri, choyezera magazi chotchedwa tTG-IgA chizipezeka nthawi zonse pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, kuti zipatala zing'onozing'ono, za boma ndi za CHAM monga cha Likuni, zizingotumizako magazi. Oyenera kuyezedwa ndi odziwika: otsegula m'mimba kosatha, ochepa magazi osamva mankhwala, ana a shuga wa mtundu woyamba, ndi abale enieni a wodwala, poti mwa iwo pafupifupi mmodzi pa 10 amakhalanso nawo. Mtengo wa kuyeza kamodzi tiuyerekeze ndi mtengo wa kugoneka mwana yemweyo m'wodi chaka ndi chaka.

Pali njira yachidule imene ambiri angaikonde, yakuti munthu angosiya buledi payekha n'kuona ngati apeze bwino. Ndikuikana. Choyezera magazi chija chimagwira ntchito pokhapokha munthu akudyabe tirigu. Akasiya kwa nthawi, zotsatira zimabwera zoyera ngakhale matenda alipo, ndipo kuyeza ndi kachubu kolowetsa kukamwa kukatenga kachidutswa ka matumbo nakonso kumasokonezeka. Choopsa kwambiri n'chakuti amene wadziweruza yekha amasiya kufufuza, pamene chimene chikumudya chingakhale chifuwa chachikulu cha m'mimba, HIV kapena khansa. Komanso si chakudya chilichonse chowenga munthu chimene chili celiac. Akuluakulu ambiri a mu Africa sagaya bwino shuga wa mu mkaka, choncho amene amatupa mimba akamwa tiyi wamkaka ndi buledi akhoza kunamizira buledi pamene wolakwa ali m'kapu. Chambiko ambiri otere amamwa bwinobwino. Ena tirigu, mtedza kapena nsomba zimawawenga mwadzidzidzi, ziwengo thupi lonse, milomo kutupa, kubanika, ndipo amenewo ndi ofunika kuthamangira nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo inu amene mulibe vuto lililonse, zimene mumawerenga pa Facebook zoti gluten ndi poizoni kwa aliyense n'zabodza.

Wodwala akadziwika, nkhondo yake imakhala ya tizinthu tating'ono. Lamulo la bungwe la Codex Alimentarius limati chakudya chotchedwa chopanda gluten chisapitirire mamiligalamu 20 pa kilogalamu, kutanthauza kuti nyenyeswa za buledi zogwera m'mbale ya majarini ndi zokwanira kuvulaza. Chipisi chokazingira m'mafuta amene munali zigege sichili bwino. Sefa imene yasefa ufa wa mandasi isasefe ufa wa nsima yake. Zitumbuwa, chigumu ndi chikondamoyo ndi za chimanga, koma ophika ena amathirako ufa wa tirigu kuti zigwirane, ndiye wodwala ayenera kufunsa, ndipo wogulitsa ayankhe zoona. Soseji, supu wa m'paketi, zokometsera ndiwo ndi mowa wa m'mabotolo wofulidwa ndi balere, zonsezi n'zofunika kuwerenga kaye. Apa ndi pamene bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi ntchito. Paketi iliyonse yokhala ndi chidindo chake izinena momveka, m'Chichewa, kuti muli tirigu, mkaka, mtedza kapena soya, ndipo fakitale imene imagaya chimanga ndi tirigu pa makina amodzi izinenanso. Zimenezi zithandiza aliyense amene chakudya chimamuwenga.

Chotsala ndi ife eni ake. Pa chikhalidwe chathu kukana chakudya cha pakhomo pa munthu ndi mwano, ndipo wokana keke ya pa ukwati amamuti ndi wamatama. Pomukakamiza timayamba ndi mawu akuti, "Ingolawani pang'ono, simufa." N'zoona safa lero, koma kapang'onoko kamabwezera m'mbuyo matumbo amene amachira kwa miyezi. Ku sukulu zogonera, mphunzitsi wamkulu akalandira kalata ya dokotala alole kuti mwanayo azipatsidwa phala kapena mbatata tsiku la buledi, popanda kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Akatolika, amene ndi ambiri kuno ku Likuni, ali ndi funso lawolawo, poti mkate wa Ukaristia ndi wa tirigu. Kalata ya ku Vatican ya 2017 inabwereza kuti mkate wopandiratu gluten ndi wosaloledwa, koma wokhala ndi gluten wochepa kwambiri ndi wololedwa, ndipo malamulo a mpingo amalolanso wodwala kulandira m'chikho chokha. Mkhristu asachite kusankha pakati pa guwa ndi thanzi lake. Akambirane ndi bambo mfumu.

Inu amayi ndi abambo amene mwana wanu akubwerera kuchipatala ndi mimba yomweyo, musasiye kumupatsa tirigu panokha. Lembani zimene wadya ndi mmene wachitira kwa masabata angapo, tengani pepalalo pamodzi ndi buku lake lakusikelo, ndipo mukafika kwa dokotala mufunse mosaopa ngati anaganizirapo za matenda a celiac.