Kodi Njira za Mumlengalenga Nzayani?

Ambiri a ife ndeke timangoionera m'mwamba ikamadutsa. Cifukwa ca ici wina angafunse kuti nkhani ya ndeke ikudzatani m'magazini ya banja, pamene mitengo ya ufa ndi feteleza ndiyo imatisowetsa tulo. Yankho lathu ndi lakuti njira zimene ndeke zimayendamo ndi cuma ca dziko, monga momwe uliri mkuwa wa kumigodi ndi madzi a m'nyanja ya Kariba. Amene amagawa cumaco ndi boma, ndipo limagawa m'dzina lathu. Tsono munthu amene katundu wake akugawidwa ayenera kudziwa m'mene kagawidweko kakuyendera, ngakhale iye mwini sanapondepo pa bwalo la ndeke.

Poyang'ana kumwamba munthu angaganize kuti mlengalenga ulibe mwini, popeza mulibe mipanda kapena zizindikiro za malire. Koma si mmene ziliri. Pa 7 Disembala 1944, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse isanathe, nthumwi za maiko 52 zinasaina pangano mumzinda wa Chicago ku America. Mfundo yake yoyamba inakhazikitsa kuti dziko lirilonse ndilo mwini wa mlengalenga wa pamwamba pa nthaka yake. Pa pangano lomwelo panabadwa bungwe la ICAO, limene likulu lake liri ku Montreal m'dziko la Canada, ndipo limayang'anira malamulo oteteza miyoyo ya anthu pa maulendo a pandeke. Koma pa funso lakuti ndani azinyamula anthu kucokera kuti ndi kupita nao kuti, nthumwizo sizinamvane. Nkhaniyo inatsala m'manja mwa maiko eni ake kuti azipangana awiriawiri.

Mapangano a maiko awiriawiriwa amachula mizinda imene ndeke zidzatera, makampani amene aloledwa, ndiponso maulendo angati pa sabata. Kale maboma ankavomereza ngakhale mitengo ya matikiti. Akatswiri amagawa zilolezozi m'magulu. Coyamba ndi kudutsa m'mlengalenga mwa dziko lina osatera. Caciwiri ndi kutera kuti ndeke imwe mafuta, osatsitsa kapena kukweza munthu. Cacitatu ndi kutsitsa kumeneko anthu ocokera kwanu, ndipo cacinai ndi kunyamula anthu akumeneko kubwera nao kwanu. Cacisanu, cimene cimautsa mikangano kawirikawiri, ndi kunyamula anthu pakati pa maiko awiri acilendo pa ulendo umene wayambira kwanu. Kunena za maulendo a m'kati mwa dziko, monga kucokera ku Lusaka kupita ku Ndola, pafupifupi dziko lirilonse limasungira makampani akeake. Zimafanana ndi mwambo wa kumudzi: kudutsa m'njira ya m'munda wa mnzako ndi nkhani ina, kuima pamthunzi wake ndi ina, koma kuthyola cimanga cake ndi kukagulitsa, pamenepo pafunika kukambirana ndithu.

Mphamvu ya zilolezozi inaoneka bwino pa nthawi ya ulamuliro wa tsankho ku South Africa. Mu 1963 maiko a mu Africa amene anali atalandira ufulu anatsekera mlengalenga wao ndeke za South African Airways, kotero kuti popita ku Ulaya zinayamba kuzungulira pamwamba pa nyanja kumadzulo kwa Africa. Popanda kuombera mfuti, maiko osauka anaonetsa kuti kumwamba kwao nako kuli ndi cipata. Ife a Zambia phunziro limeneli litikhudza koposa, pakuti dziko lathu liribe doko, ndipo lazingidwa ndi maiko 8. Ndeke iriyonse yoturuka muno iyenera kudutsa pamwamba pa mnansi. Acikulire adzakumbukira kuti Ian Smith atalengeza ufulu wake wosavomerezeka ku Rhodesia pa 11 Novembala 1965, mafuta a galimoto amene ankadzera kum'mwera analeka kufika. Kuyambira Disembala wa caka comweco ndeke za Britain, Canada ndi America zinanyamula mafutawo kubweretsa muno. Mpope wa TAZAMA wocokera ku Dar es Salaam unadzatsegulidwa mu 1968. Pa miyezi yobvutayo njira ya mumlengalenga inathandiza kusunga moyo wa dziko limene linali lakhanda.

Nzosadabwitsa tsono kuti atsogoleri a nthawi imeneyo anafuna kuti dziko likhale ndi ndeke zakezake. Pa nthawi ya atsamunda kunali kampani ya Central African Airways, imene inakhazikitsidwa mu 1946 ndipo likulu lake linali ku Salisbury. Zambia Airways inabadwa mu 1964 ngati nthambi yake, ndipo mu 1967 inaima payokha mothandizidwa ndi kampani ya Alitalia ya ku Italy. Mu 1984 inalandira cindeke cacikulu ca mtundu wa DC-10 cimene cinachedwa Nkwazi, dzina la mbalame ya pa mbendera yathu. Ndeke zathu zinafika ku London, Roma, Frankfurt, Bombay, mpaka ku New York. Koma cimene tifuna kuti owerenga acigwiritse ndi ici: kampani yomweyo inkateranso ku Chipata, Kasama, Mansa ndi Mongu. Maulendo otere phindu lake limakhala locepa, koma kampani ya boma inali ndi udindo wolumikiza zigawo zonse ndi likulu la dziko.

Pamene izi zinali kucitika, maganizo a maiko olemera anali kusintha. Mu 1978 Pulezidenti Jimmy Carter wa ku America anasaina lamulo locotsa dzanja la boma pa kagawidwe ka njira za ndeke ndi mitengo ya matikiti m'kati mwa dzikolo. Bungwe la Civil Aeronautics Board, limene linkagwira nchito yogawayo, linatsekedwa kumapeto kwa 1984. Mitengo pa njira zoyenda anthu ambiri inatsika, ndipo anthu wamba ambiri anakwera ndeke kwa nthawi yoyamba. Makampani ena akuluakulu anagwa, monga Pan Am mu 1991. Koma pali cinthu cimene olalikira za msika waufulu sakonda kucichula. M'lamulo lomwelo la 1978, aphungu a ku America anaikamo ndondomeko yochedwa Essential Air Service, yakuti boma lizilipira makampani kuti asasiye kutera m'matauni ang'onoang'ono akutali. Maiko a European Union naonso ali ndi lamulo lolola boma kulipirira njira zopita ku zilumba ndi kumadera akutali. Iwo amene anayamba kumasula msika anadziwa bwino lomwe kuti wamalonda amatsata kumene kuli ndalama, ndipo anakonzeratu cotetezera anthu a kumalekezero.

Kwathu kuno zinthu zinayenda mwina. Ngongole za Zambia Airways zinaculuka, anchito anali ambiri poyerekeza ndi ndeke zocepa zimene inali nazo, ndipo thumba la boma linali litauma. Mu Disembala 1994, m'nthawi ya boma la Pulezidenti Frederick Chiluba, pamene dziko linali kutsata ndondomeko yokonzanso cuma imene IMF ndi World Bank analimbikitsa, kampaniyo inatsekedwa. Mabanja ambiri anataya pogwira. Makampani a anthu wamba anayesa kulowa m'malo mwake, koma angapo sanakhalitse: Aero Zambia inaleka kuuluka mu 2000, ndipo Zambian Airways, imene inali kampani ina ngakhale dzina likufanana, inaleka mu Januwale 2009. Mu 2013 British Airways inasiya njira yake ya pakati pa London ndi Lusaka, popeza sinali kuipindulitsa. Sitingaiimbe mlandu, pakuti kampani yacilendo imayankha kwa eni ake a ndalama. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka.

Tisaganize kuti mankhwala ake ndi kutseka zitseko. Kutsekerana kwapweteka Africa kwa zaka zambiri. Dziko lirilonse poteteza kakampani kake linamana anansi zilolezo, ndipo zotsatira zake zinali maulendo ocepa, mitengo yokwera, ndiponso camanyazi cakuti munthu wopita ku dziko lina la mu Africa nthawi zina ankayamba wadzera ku Ulaya. Pofuna kuthetsa zimenezi nduna za maiko a mu Africa zinagwirizana mu 1999 mumzinda wa Yamoussoukro ku Côte d'Ivoire kuti makampani a mu Africa azipatsana zilolezo mpaka cacisanu cija. Popeza maiko ambiri anazengereza kucita zimene anasaina, bungwe la African Union linakhazikitsa mu Januwale 2018 ku Addis Ababa ndondomeko ya msika umodzi wa maulendo a pandeke mu Africa, ndipo maiko oposa 30 analowamo. Ici ndi cinthu cabwino. Mutu umodzi susenza denga, ndipo dziko lopanda doko ngati lathu lingapindule kwambiri anansi akamatsegulirana.

Nanga Eklezia atiunikira bwanji pakati pa njira ziwirizi? Mu 1967, m'kalata yake ya Populorum Progressio, Papa Paulo VI anaphunzitsa kuti mpikisano wa malonda umakhala wacilungamo pokhapokha ngati opikisanawo sasiyana kwambiri mphamvu. Wamphamvu ndi wofooka akapangana, kusaina kokha sikutsimikiza kuti panganolo ndi lolungama. Papa Yohane Paulo II, amene anaceza m'dziko muno mu Meyi 1989, analemba mu 1991 kalata ya Centesimus Annus. M'menemo anavomereza kuti msika waufulu uli ndi ubwino wake, koma anacenjeza kuti pali zosowa za anthu zimene msika sungathe kuzikwaniritsa, ndipo kuti boma liri ndi udindo woteteza zabwino zokomera onse. Motero ciphunzitso ca Eklezia sicikondwera ndi kampani ya boma yomwaza ndalama za misonkho, ndiponso sicikondwera ndi boma losamba m'manja ndi kunena kuti msika udziwa wokha. Muyeso wake ndi munthu, makamaka amene ali kutali ndi amene ali wofooka.

Tiyeni tione amene akhudzidwa. Ku Mfuwe, anyamata ndi atsikana ogwira nchito m'malo ogona alendo odzaona nyama za m'cigwa ca Luangwa amadalira ndeke zobweretsa alendowo, ndipo alimi ogulitsa ndiwo zamasamba kumeneko amadalira anyamatawo. M'mafamu ozungulira Lusaka muli amai amene analera ana ao ndi malipiro a kuthyola maluwa ndi ndiwo zotumizidwa ku Ulaya, katundu wosacedwa kufota amene sangadikire sitima ya pamadzi. Odwala a kumadera obvuta kufikako athandizidwa kwa zaka zambiri ndi bungwe la Zambia Flying Doctor Service, limene limafuna mabwalo osamalidwa bwino kuti litere. Ana athu amene ali ku Britain ndi ku South Africa, maliro akagwa pamudzi, amawerengera mtengo wa tikiti misozi iri m'maso. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita oposa 550, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Dokotala waluso kapena munthu wofuna kutsegula fakitale amaganiza kawiri asanauyambe. Cigawo cimene ndeke siitera cimatsalira m'zinthu zambiri, ngakhale kwa iwo amene sadzagulako tikiti moyo wao wonse.

Cifukwa ca ici tikuona kuti pali zinthu zitatu zimene nzika iyenera kufunsa kwa boma lake. Coyamba ndi citetezo ca miyoyo. Kuyambira 2009 mpaka 2016 makampani onse a ndeke a muno analetsedwa kuuluka m'maiko a European Union, cifukwa kayang'aniridwe kathu kanapezeka koperewera. Lamulo la 2012 lokhazikitsa bungwe la Civil Aviation Authority linathandiza kucotsa citonzo cimeneco. Woyang'anira ayenera kukhala ndi akatswiri ndi ndalama zokwanira, ndipo asamaope munthu ngakhale ndi wamkulu. Caciwiri ndi kucita zinthu poyera. Mu Disembala 2021 Zambia Airways inayambanso kuuluka, boma liri ndi magawo 55 pa 100 kudzera mu Industrial Development Corporation, ndipo Ethiopian Airlines iri ndi magawo 45. Pamene pali ndalama za anthu, anthuwo ali ndi ufulu womva m'mene zikuyendera, kuopa kugwanso m'dzenje la 1994. Cacitatu ndi cilungamo kwa zigawo. Popatsa kampani cilolezo ca njira yonona, boma lingathe kufunsanso kuti nanga anthu a ku Chipata, Mongu ndi Kasama atumikiridwa motani. Ngati njira ina siingadzilipire yokha, kuli bwino kuika poyera ndalama yoithandizira ndi kulola makampani kupikisana, koposa kubisa zotayika m'mabuku a kampani imodzi.

Abale ndi alongo, nkhani zotere zimakambidwa m'maofesi a ku Lusaka ndi m'Nyumba ya Malamulo, m'cizungu cobvuta kumva, ndipo mwa ici zimatipitirira. Koma aphungu amene amakhala m'nyumbayo timawasankha ndife. M'miphakati yathu ndi m'magulu a Cilungamo ndi Mtendere timakambirana za miseu, milatho ndi zipatala. Tiyeni tiwonjezepo funso la bwalo la ndeke la m'cigawo cathu: kodi likusamalidwa, kodi pamatera ciani, ndipo ndani anapangana zimenezo? Phungu akabwera kudzaceza, timfunse mwaulemu koma mosabisa mau. Mwana wosalira amafera mumbereko. Mlengalenga analenga ndi Mulungu, ndipo boma ndi kapitao cabe amene adzafunsidwa za ukapitao wake. Tiwapempherere atsogoleri athu kuti pogawa cuma cimeneci azikumbukira ndi a kumalekezero omwe. Ambuye akudalitseni inu ndi mabanja anu mpaka tidzacezenso mwezi wamawa.