Phunziro la Sabata Ino: Magetsi Opangira Pakhomo

Inu alimi anzathu, sabata ino tikambe za nyumba zimene simuziona koma zikutumikirani tsiku ndi tsiku. Mukatumiza mau pa WhatsApp kwa mwana wanu ali ku Joni, mauwo ayamba adzera m'nyumba yaikulu yodzaza makompyuta, yotchedwa data centre. Nyumbayi ili ngati nkhokwe, koma yosungamo mauthenga, zithunzi ndi mawerengero a ndalama. Magetsi akazima m'menemo, uthenga wanu sufika.

Chifukwa chake eni ake amasunga majenereta a dizilo oti alire magetsi akazima. Koma dizilo afuka utsi ndi kusokosa. Tsono ena atembenukira ku chipangizo chotchedwa fuel cell. Ichi sichiyaka moto. Mpweya wa hydrogen ulowa mbali ina, oxygen amene tipumayu alowa mbali inzake, ndipo pophatikizana patuluka magetsi, kutentha ndi madzi. Batire likatha lifuna kutchaja, koma ichi sichileka malinga mpweya ukulowabe, monga chigayo sichiima pamene mafuta alimo.

Nzeruyi ndi yakale. William Grove wa ku Britain anaionetsa mu 1839, ndipo anthu amene anapita ku mwezi mu 1969 anapeza magetsi ndi madzi akumwa m'njira yomweyi. Mu 2013 kampani ya eBay inatsegula nyumba ya makompyuta ku Utah, m'dziko la America, yodzipangira magetsi pakhomo ndi zipangizozi, magetsi a m'mawaya n'kukhala ongodikira tsoka. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mu 2020 kampani ya Microsoft nayo inayendetsa mzere wa makompyuta maola 48 osalekeza ndi hydrogen.

Koma chenjerani. Zipangizo zambiri zotere zimadya gasi wa pansi pa nthaka, ndipo hydrogen wambiri lero apangidwa kuchokera ku gasi yemweyo. Potero patuluka mpweya wa carbon dioxide umene utenthetsa dziko ndi kusokoneza nyengo. Hydrogen wosaononga ndi uja apatulidwa m'madzi ndi magetsi a dzuwa, a mphepo kapena a pa mtsinje.

Choncho mukamva wina akutama makina osafuka utsi, mufunseni kumene mpweya wake wachokera. Funso limeneli ndi lanu ndithu, pakuti mvula ikachedwa, woyamba kulira ndi mlimi.