Mawu a Abusa: Dzina Lathu Lili M'manja mwa Yani?



Pa Genesis 27 timawerenga za Yakobo, amene anavala zovala za Esau, naphimba manja ake ndi zikopa za mbuzi, nakatenga madalitso m'dzina la mkulu wake. Isake anakayika pakumva mawu, koma anakhulupirira manja. Tchimo lakale lomweli lafika kuno ku Chiuta, ndipo lero lilowera pa foni.

Ife a m'mbali mwa nyanja ino tili pamalire. Ambiri tili ndi abale ku Nayuchi ndi ku Machinga, ndipo ndalama za makumba ndi mlamba timalandirira pa M-Pesa, e-Mola, Airtel Money kapena Mpamba. Boma la Mozambique linalamula mu 2015 kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe ndi chiphaso, ndipo ku Malawi zomwezi zinachitika mu 2018, pambuyo pa kalembera wa zitupa za unzika wa mu 2017. Tanthauzo lake ndi ili: cholakwa chochitidwa pa nambala yolembetsedwa ndi BI yathu chidzalondola pakhomo pathu, ngakhale foniyo sitinaigwirepo.

Masabata apitawa, pocheza ndi akhristu m'miraga, tinafunsa ngati wina anagwiritsapo ntchito dzina lawo iwo osadziwa. Poyamba onse anangoti chete. Titatsala awiriawiri, nkhani zinayamba kutuluka. Mayi wina wamasiye anabwereketsa chiphaso chake kwa mnyamata amene anati akulemba maina a olandira thandizo. Thandizolo silinabwere, koma nambala yachilendo inalembetsedwa m'dzina lawo. Msodzi wina anaimbiridwa foni ndi munthu wodzitcha wa kukampani, natchula nambala yake yachinsinsi, ndipo ndalama za ukonde zinapita tsiku lomwelo. Ena analandira uthenga wopempha chopereka m'dzina la abusa, chonsecho ife sitinatume munthu.

Chimene chinatiwawa koposa ndi manyazi awo. Aliyense anaganiza kuti anapusitsidwa yekha, nabisa ngakhale kwa a m'banja mwake. Koma wobisa matenda maliro adzamuulula, ndipo kukhala chete kwathu ndiko kumene kumapatsa mbala mpata wokagogoda kwa mnansi.

Chifukwa chake bwalo la akulu ampingo lagwirizana kuti madikoni ayendere mabanja mwezi uno ndi mafunso atatu: chinachitika n'chiyani, wakubayo anafika bwanji, ndipo munakanena kuti? Sadzalemba dzina la munthu, sadzapempha kuona chiphaso, ndiponso sadzafunsa nambala yachinsinsi. Wina akafunsa zimenezi m'dzina la mpingo, dziwani kuti sanatumidwe ndi ife. Zimene tidzapeze tidzaziwerenga mumpingo kuti tichenjezane.

Pakadali pano, tisabwereketse BI ngakhale kwa mbale. Chiphaso kapena foni ikatayika, tikanene msanga kupolisi ku Insaca ndi kukampani ya foniyo. Uthenga wopempha ndalama ukafika, tiyambe taimbira mwini dzinalo.

Ndipo ngati pakati pathu alipo amene anadyapo m'dzina la mnzake, akumbukire kuti Yakobo anakhala zaka 20 kuchilendo asanaonanenso ndi Esau. Khomo la abusa ndi lotsegula. Bwerani tikambirane za kulapa ndi kubweza.

Miyambo 22:1 imatikumbutsa kuti mbiri yabwino iposa chuma. Tiyeni tisungirane maina athu.

Ambuye akudalitseni nonse.