Dzuwa la ku Edinburgh linatinamiza

Amene mwakhala mukufunsa kuti ndasowera kuti, ndinali ku Leeds, ku England, komwe mwana wanga wamkazi ndi mwamuna wake amagwira ntchito yosamalira okalamba. Anandiitana kuti ndikawalerereko mwana, kamnyamata ka zaka ziwiri. Kumapeto kwa June onse awiri anapeza masiku atatu opuma, ndipo mkamwini wanga anati tipite ku Edinburgh, likulu la Scotland, kuti agogo asabwerere kumudzi atangoona makoma a nyumba ndi matewera.

Tinanyamuka Lamlungu m'mawa pa sitima, ulendo wa maola pafupifupi atatu. Mwana wosakwana zaka 5 salipira pa sitima za kumeneko, koma alibenso mpando wakewake, ndiye tinkangomulandizana pamiyendo. Mkamwini anali atalemba pafoni malo 9 oti tikaone. Ndinayang'ana mndandandawo, ndinayang'ananso kamwanako, koma apongozi salowerera zilizonse, choncho ndinangokhala chete.

Masana a tsiku loyambalo anali abwino. Ukangotuluka pa siteshoni ya Waverley umafika m'munda wa Princes Street Gardens, momwe muli chiboliboli cha David Livingstone. Iyeyu anabadwa mu 1813 ku Blantyre wa ku Scotland, komwe Blantyre wathu anatengera dzina. Ine ndinajambulitsa pamenepo, mdzukulu ali kalikiliki kuthamangitsa nkhunda pa udzu.

Vuto linayamba madzulo, ndipo amene analiyambitsa ndine.

Kwathu dzuwa limalowa cha m'ma 5 kapena 6 koloko chaka chonse, moti wotchi yathu yeniyeni ndi mdima. Kukada mwana amasamba, amadya, amagona. Edinburgh ali kumpoto kwambiri. Kumapeto kwa June dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo limatuluka nthawi isanakwane 4:30 m'mawa. Ku Leeds nako kumachedwa kuda, koma m'chipinda cha mwanayu muli makatani ochindikala, ndipo mayi ake amamusambitsa 7 koloko, pofika 7:30 wagona. Ndinkaziona zimenezi, koma ndinkaziyesa zachizungu chabe.

Titadya chakudya chamadzulo, mwana wanga anati, "Amayi, tiyeni tikamugoneke." Ine ndinayang'ana pawindo n'kunena kuti, "Kunja kowala chonchi? Musiyeni aone dziko." Tangoganizani, ine ndemwe amene ndimaima kutsogolo kuphunzitsa anthu za kufunika kwa kupuma. Tinazungulira m'misewu mpaka 9:30, mwana akuseka, akuthamanga, ife n'kumati alibe tulo. Anagona itadutsa 10:30. Makatani a m'chipinda chomwe tinachita lendi anali opyapyala, ndipo isanakwane 5 koloko anali atadzuka. Maola 6 okha.

Malangizo a bungwe la WHO a mu 2019 amati mwana wa chaka chimodzi mpaka ziwiri azigona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana. Thupi limadziwa kuti kwada kudzera m'maso: mdima ukagwa, ubongo umatulutsa melatonin, yomwe imabweretsa tulo, ndipo kuwala kumaichedwetsa. Chonyenga n'chakuti mwana wotopa kwambiri saoneka watulo. Amalimbikira kuthamanga ndi kukuwa. Ife akuluakulu tinawerenga chizindikirocho mozondoka.

Lolemba m'mawa anakana phala la oats, anangodya theka la nthochi. Tinamumanga m'kangolo kake kokankha n'kuyamba kukwera msewu wa Royal Mile, womwe umakathera pa Edinburgh Castle, linga lakale la mafumu lomwe lili pamwamba pa thanthwe. Msewuwu ndi wokwera, mbali zambiri ndi woyalidwa miyala, ndipo kangolo kankangonjenjemera. Anthu anali ochuluka zedi, moti sitinayerekeze kumutsitsa kuti ayende. Kuyambira 9 koloko mpaka 1 koloko anali womangidwa. Malangizo omwe aja a WHO amati mwana wa msinkhu uwu asamangidwe malo amodzi kupitirira ola limodzi nthawi imodzi, kaya m'kangolo, pampando wodyera, kapena kumbuyo kwa womubereka. Amayi anzanga okonda kubereka tsiku lonse, chitenje chathu chilimo m'mawu amenewo.

Pa lingali amaomba mzinga 1 koloko masana tsiku lililonse kupatula Lamlungu, Lachisanu la Pasaka ndi Khirisimasi. Mwambowu unayamba mu 1861 pofuna kuti oyendetsa sitima zapamadzi azikonza mawotchi awo. Tinkadziwa kuti uomba, koma bambo ake anali otanganidwa ndi kujambula, mayi ake akufufuza botolo m'chikwama, ndipo palibe amene anamutseka makutu. Utangoti phuu, mwana anakuwa kukuwa kumene sindinamumvepo. Anadzipinda chagada, anakana aliyense, kenako anasanza kanthochi kaja. Thupi linali lofunda.

Apa makolo anayamba kulozana chala. Wina akuti matikiti talipira kale, timalize kuona. Wina akuti mwana akudwala, tithamangire kuchipatala. Ine ndinakhala pabenchi n'kumutenga, ndipo ndinachita zomwe timaphunzitsana. Ndinamuyeza kutentha ndi kachipangizo komwe mayi ake amayenda nako: 37.4, pomwe malungo enieni amayambira pa 38. Ndinasuzumira thewera, n'kupeza kuti ndi louma kuyambira m'mawa. Pamenepo ndinazindikira kuti chifukwa cha kamphepo kozizira ka kumeneko palibe amene anamva ludzu, ndiye mwananso sitinamumwetse. Koma misozi inkatuluka, m'kamwa munali malovu, maso sanalowe m'kati, ndipo ankapuma bwino. Zizindikiro zomwe zikanandithamangitsa ndi izi: kulephera kumwa, kusanza chilichonse chomwe wapatsidwa, kukomoka, kulefuka kosadzuka, kapena kupuma mobanika. Panalibe n'chimodzi chomwe. Ku Scotland ukakayika umaimba 111, nambala yaulere ya NHS 24, ndipo ndinauza mwana wanga kuti thewera likakhalabe louma, kapena akasanzanso, tiimba osachedwa.

Tinamumwetsa madzi pang'onopang'ono, timakamwa tochepa. Madzi a pampopi kumeneko ndi abwino kumwa, sipafunika ogula. Kenako ndinatulutsa chitenje n'kumubereka. Mphindi khumi zisanathe mutu unali utagwera paphewa panga. Ndinatsika naye Royal Mile yonse azungu akundicheukira, ena akumwetulira, ndipo titafika ndinamugoneka pabedi. Anagona maola awiri. Atadzuka thewera linali lonyowa, ndipo anapempha yekha phala lomwe analikana m'mawa.

Ndinaitana mwana wanga pambali n'kumuuza kuti wolakwa ndine, iye ankanena zoona dzulo lake. Kupepesa kwa mwana wako wobereka wekha sikophweka, koma mkangano wa awiriwo unathera pomwepo, chifukwa aliyense ankaganiza kuti mnzake ndiye wadwalitsa mwana.

Madzulo amenewo tinapachika bulangeti pawindo, m'mbali tinatseka ndi chitenje chija. Itakwana 7 koloko tinamusambitsa ngati kunyumba, dzuwa likuswa mtengo kunja. Anagona 7:40 mpaka 6 koloko m'mawa. Makolo ake anatuluka okha kukaona mzinda, ine ndinatsala ndi mwana. Ndikuona kuti banja lopita ndi kamwana ku mizinda ya kumpotoyi m'miyezi ya June ndi July lizifunsiratu za makatani lisanalipire chipinda, kapena linyamule nsalu yakuda yochindikala. Ndi katundu wopepuka kuposa zidole zomwe tinanyamula, zomwe sanazikhudze n'komwe.

Lachiwiri tinasankha malo amodzi okha, National Museum of Scotland pa Chambers Street. Kulowa n'kwaulere, muli zikepe zokwezera kangolo, malo osinthira thewera, ndi mpata woti mwana ayende yekha. M'menemo ndi momwe asunga nkhosa yotchedwa Dolly, yobadwa mu 1996, nyama yoyamwitsa yoyamba kupangidwa kuchokera ku selo la nyama yaikulu. Mkamwini ankandifotokozera za sayansi yake mwakhama, mdzukulu akungoiloza n'kumati "mee". Itakwana 12 koloko tinadya zomwe tinanyamula: buledi, mazira owiritsa ndi mphesa. Mphesazo mayi ake anazidula chamlitali, chifukwa yathunthu imatha kutsamwitsa mwana wamng'ono. Sitima yobwerera tinakwera ya masana, nthawi yake yogona, ndipo anagona pamiyendo panga mpaka kupitirira Newcastle.

Pa malo 9 aja tinaona 4. Mkamwini akuti otsalawo adzawamaliza mu December. Mkazi wake anamukumbutsa kuti nthawi imeneyo ku Edinburgh dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko masana, ndiye mwana azidzafuna kugona chakudya chamadzulo chisanapse. Ine ndidzakhala ndikupalira chimanga kwathu kuno, koma chitenje chija ndinawasiyira.