Kuzizira kwa Pansi pa Nyanja Kuli ndi Eni Ake

Mzinda wa Toronto m'dziko la Canada umadziwika ndi chisanu choopsa, koma miyezi ya Julaye ndi Ogasiti kumatentha kotero kuti m'nyumba zosanja za magalasi za pakati pa mzindawo munthu sangagwire ntchito popanda chomuziziritsa. Kwa zaka zambiri ntchito imeneyi inali ya makina odya magetsi ochuluka. Kuyambira chaka cha 2004 nyumba zambiri, kuphatikizapo zipatala, mahotela ndi likulu la khonsolo ya mzindawo, zimaziziritsidwa ndi madzi otungidwa pansi pa nyanja ya Ontario. Nzeru imeneyi ndi yoyamikika. Komabe mzinda wofuna kuitsatira uyenera kuyamba wafunsa kumene madziwo adzabwerere akatha ntchito yawo, ndiponso amene adzakhale ndi mphamvu yoletsa ngati nyanja yayamba kudwala.

Madzi amalemera koposa akazizira kufika pa madigiri 4. Chisanu chikagwa, madzi a pamwamba pa nyanja amazizira, namira pansi, ndipo amakhala komweko nyengo yonse yotentha chifukwa madzi ofunda, pokhala opepuka, amayandama pamwamba pawo ngati chivundikiro. Motero nyanja imasunga chisanu cha mwezi wa Febuluwale kufikira Ogasiti popanda wolipira. Apa mpofunika kunena kuti nyanja ya Malawi, ngakhale ndi yakuya pafupifupi mamita 700, siingachite zimenezi. Kuno kulibe chisanu chotere, ndipo madzi ake a pansi penipeni amafunda kupitirira madigiri 20.

Ku Toronto kampani ya Enwave, mogwirizana ndi khonsolo, inayala mapaipi atatu aakulu otalika makilomita 5 kulowa m'nyanja, ndipo kukamwa kwake kuli mamita 83 pansi pa madzi. Chimene chiyenera kutamandidwa kwambiri ndi njira imene madzi a m'mapaipi atatuwa amadzera. Amayamba asefedwa pa chilumba choyandikana ndi mzindawo, kenaka amapita ku nyumba yopopera madzi ya pa John Street. Kumeneko amadutsa mbali imodzi ya malata opyapyala achitsulo, pamene mbali inayo kukudutsa madzi ena amene amazungulira m'nyumba za mumzinda. Madzi awiriwa sasakanikirana. Amangopatsana kuzizira kudzera m'chitsulocho. Akatero, madzi a m'nyanja aja amapitirira ulendo wawo kukatuluka m'mipopi ya anthu ngati madzi akumwa. Mzinda unayenera kuwatunga ndithu madzi amenewa, ndipo anthu anzeru anangowapatsa ntchito yachiwiri ali m'njira. Ofuna kulumikizidwa atachuluka, paipi yachinayi inawonjezedwa m'chaka cha 2024.

Si konse kumene zinayenda mwa mtendere chotere. Yunivesite ya Cornell, imene ili m'tauni ya Ithaca m'chigawo cha New York ku America, inayamba m'chaka cha 2000 kutunga madzi pa mamita 76 pansi pa nyanja ya Cayuga. Magetsi oziziritsira nyumba za pasukulupo anatsika ndi gawo loposa 80 pa 100 alionse, ndipo palibe amene angapeputse phindu lotere. Koma kumeneko madzi akatha ntchito amabwezedwa m'nyanja momwemo, ku mbali ya kumwera kumene ndi kosaya. Eni dera anadandaula kuti madzi a pansi amabwera ndi mchere wa phosphorus, umene uli ngati feteleza kwa ndere, ndi kuti akathiridwa pamalo powala dzuwa ndere idzabiriwiritsa gombe lawo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Boma la chigawocho linalamula yunivesite kuti iziyeza madzi nthawi ndi nthawi, ndipo pambuyo pake kuti ilipirire kafukufuku wa nyanja yonseyo. Kafukufukuyo anaonetsa kuti mchere wambiri umalowa m'nyanja ndi mitsinje yochokera kumtunda, makamaka ku minda, osati ndi paipi ya sukulu.

Ena anganene kuti odandaulawo anangotayitsa nthawi ndi ndalama. Maganizo amenewo ndi olakwika. Pakanapanda phokoso lawo, nyanja ya Cayuga sikanayezedwa mwakhama chotero, ndipo gwero lenileni la vutolo likanachedwa kudziwika. Yunivesite inagula mapaipi ndi makina opopera, koma kuzizira kwa nyanja sikunagulidwe kwa munthu aliyense. Msodzi, wosambira ndi mayi wotunga madzi akumwa ali ndi gawo pa chuma chimenecho, ndipo sanachimwe pofunsa mafunso.

Mzinda wa Geneva ku Switzerland unapita patsogolo pogwiritsa ntchito nyanja yake potenthetsanso nyumba. Ntchito ya Genève-Lac-Nations inayamba m'chaka cha 2009 potumikira nyumba za bungwe la United Nations ndi mabungwe ena oyandikana nalo, ndipo ikukulitsidwa pansi pa dzina lakuti GeniLac. Madzi amatungidwa pa mamita 45, pamene amakhala pa madigiri pafupifupi 7 chaka chonse. Kukatentha madzi otere ndi ozizira. Chisanu chikagwa ndi ofunda kuposa mpweya wa panja. Pamenepo makina ogwira ntchito ngati firiji yotembenuzidwa amayamwa kufunda kochepa kuli m'madziwo, nakuunjika m'zipinda, motero nyumba imaleka kuwotcha mafuta kapena gasi. Makinawo amafuna magetsi ndithu, koma amapereka kutentha kochuluka kangapo kuposa magetsi amene adya.

Woyendetsa ntchito ya ku Geneva ndi bungwe la Services Industriels de Genève, limene eni ake ndi boma la chigawo, mzinda ndi makhonsolo ozungulira. Zimenezi nzoyenera, pakuti mavuto amene akubwera safuna munthu woyang'ana phindu la chaka chimodzi. Tinkhono ta mtundu wa quagga, tochokera ku dera la Black Sea, tinayamba kuoneka m'nyanja ya Geneva cha m'ma 2015, ndipo timamatirira m'kati mwa mapaipi kufikira kuwatseka, kotero kuti kuwatsuka kwasanduka mtolo wosatha. Chinanso, nyengo yachisanu yayamba kufunda. Nyanja imeneyi inkatembenuza madzi ake kuchokera pamwamba kufika pansi penipeni m'zaka za chisanu chambiri, ndipo ndi m'mene pansi pake pamalandirira mpweya wabwino wa nsomba. Kuchokera 2012 kufikira 2025 nyanjayo sinatembenukenso kotheratu.